Adokotala akalemba mankhwala okagula: makalata ochokera ku Mangochi

Mwezi uno talandira makalata angapo ochokera m'boma la Mangochi, onse okhudza ndalama zimene munthu amatulutsa m'thumba mwake akalemberedwa mankhwala kuchipatala. Tasankhapo anayi, ndipo monga mwa mwambo wa tsamba lino, mayina a olemba sitinawatchule.

FUNSO

Alangizi, ine ndimasamala mayi anga okalamba amene amadwala BP ndi shuga. Mwezi wathawu kuchipatala cha boma anatiuza kuti ena mwa mankhwala awo atha, ndipo adokotala anatilembera m'buku kuti tikagule tokha. Nditatsikira pa boma ndinalowa m'mafamase awiri ndi buku lomwelo. Koyamba ananditchulira mtengo wowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi umene anandiuza kwachiwiri. Ndinaopa kuti otchipawo mwina ndi achinyengo, choncho ndinabwerera koyamba kuja n'kugula a masabata awiri okha, pakuti ndi pamene ndalama zanga zinathera. Kodi mitengo imasiyana chonchi chifukwa chiyani, nanga ndichite chiyani kuti mayi asamadukize mankhwala?

Mayi wa ku Namwera

YANKHO

Mayi, mantha anuwo ndi omveka, chifukwa mankhwala achinyengo alipodi, koma kutchipa pakokha si chizindikiro chake, monganso kudula si umboni wakuti mankhwala ndi amphamvu. Mmene mwafotokozeramu, ndikuona kuti mafamase awiriwo anakutchulirani mitengo ya mankhwala amodzimodzi opangidwa ndi makampani osiyana.

Mankhwala a kuchipatala amakhala ndi mayina awiri. Lina ndi dzina la chinthu chenichenicho chimene chimagwira ntchito m'thupi, ndipo linalo ndi dzina la malonda limene kampani yopanga imadzisankhira. Tonse timadziwa Panado, koma chimene chimaletsa mutu m'kati mwake ndi paracetamol, yemweyo amene timalandira m'kathumba pawindo la kuchipatala. Brufen ndi ibuprofen, Bactrim ndi cotrimoxazole, Flagyl ndi metronidazole. Pa matenda a mayi anu, metformin wa shuga amagulitsidwanso pa dzina la Glucophage, pamene amlodipine wa BP amapezekanso pa dzina la Norvasc. Kampani imene yatulukira mankhwala atsopano imatetezedwa ndi lamulo kwa zaka pafupifupi 20 kuti wina asawapange, ndipo pa nthawiyo imaika mtengo wokwera pofuna kubweza ndalama zimene inalowetsa pa kafukufuku. Zakazo zikatha makampani ena, ambiri mwa iwo a ku India, amayamba kupanga mankhwala omwewo pa mtengo wotsika kwambiri, koma dzina loyamba lija limapitirizabe kudula chifukwa anthu analizolowera. Mankhwala ambiri amene timalandira m'zipatala za boma ndi a makampani obwera pambuyowa, kuphatikizapo ma ARV amene akhala akusunga miyoyo ya Amalawi kuchokera pamene boma linayamba kuwagawa mwaulere mu 2004. Motero n'kutheka ndithu kuti otchipa amene munawakana aja ndiwo amene mayi anu akhala akumwa zaka zonsezi.

Chimene chimakutetezani ku mankhwala achinyengo ndi malo amene mwagulako. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene ambiri amangoti PMRA, ndilo limalembetsa mankhwala ololedwa kugulitsidwa m'Malawi ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa, ndipo chiphasocho chimayenera kupachikidwa poonekera. Mukalowa m'famase yang'anani pakhoma, ndipo ngati simukuchiona funsani. Dziwaninso kuti masitolo ang'onoang'ono a mankhwala amene amapezeka m'misika ya kumidzi, ngakhale ali ndi chiphaso, amaloledwa kugulitsa mitundu yowerengeka chabe. Mankhwalawo akabwera, onani ngati ali m'paketi mwake, ngati dzina ndi mphamvu yake zikufanana ndi zimene zili m'buku, ndiponso ngati tsiku lothera ntchito silinapitirire. Akakuwerengerani mibulu kuchokera m'chitini chachikulu, pemphani kuti pa kathumbapo alembe dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi kamwedwe kake, ndipo musachoke opanda lisiti. Zonsezi zikakwanira, gulani otchipawo mtima uli m'malo.

Tsopano tsegulani buku la mayi anu pa tsamba limene adokotala analembapo, chifukwa mtengo wa mankhwala umayambira pa mzere umenewo, ngakhale kuti ambirife timangoupereka kwa wogulitsa osauwerenga. Mwina mupeza mzere wonga uwu: Metformin 500 mg bd 1/12. Mawu oyambawo ndi dzina, 500 mg ndi mphamvu ya m'bulu umodzi, zilembo za bd zikutanthauza kawiri pa tsiku, ndipo 1/12 ndi mwezi umodzi. Akalemba od ndiye kuti kamodzi pa tsiku, tds ndi katatu, 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 ndi masabata awiri. Munthu wodziwa zimenezi amafika pa kauntala akudziwa kale kuti metformin wa mwezi wathunthu ndi mibulu 60, ndi kuti amlodipine wolembedwa od 1/12 ndi mibulu 30. Ngati zolembazo sizikuwerengeka, zomwe zimachitika kawirikawiri, pemphani adokotala kapena anamwino akuwerengereni musanatuluke m'chipinda, inu n'kulemba nokha pa tsamba lomaliza la buku mmene mungamvere.

Chiwerengero cha mibuluchi n'chofunika chifukwa ogulitsa satchula mitengo mofanana. Wina amatchula mtengo wa kapepala ka mibulu 10, wina wa bokosi la mibulu 28, wina wa mankhwala onse a m'buku ataphatikiza. Wogula usipa pamsika safunsa mtengo wa mulu wokha, amayang'ananso kukula kwa muluwo, ndipo pa mankhwala n'chimodzimodzi. Tiyerekeze, pongofuna kuonetsa kawerengedwe kake, kuti famase ina ikugulitsa kapepala ka mibulu 10 pa K1,500, pamene ina ikugulitsa bokosi la mibulu 28 pa K3,500. Pomva, koyambako kumaoneka kotchipa, koma m'bulu umodzi kumeneko ukugwa pa K150 pamene kwachiwiriko ukugwa pa K125, ndipo pa mibulu 60 kusiyana kwake ndi K1,500 mwezi uliwonse mpaka chaka chithe. Choyenera kufunsa pa kauntala n'chakuti mankhwala awa, a mphamvu iyi, okwanira masiku 30, ndi ndalama zingati, ndipo kodi alipo a kampani ina otsikirapo mtengo. Funsani mtengo wa mtundu uliwonse paokha, chifukwa nthawi zambiri pa mankhwala atatu kapena anayi olembedwa pamodzi pamakhala mtundu umodzi umene ukukweza bilu yonse, ndipo ndi umenewo umene muyenera kuufunira kwina.

Pali njira ina imene imathandiza ena, koma ndiitchula mosamala. Amlodipine amapezeka wa 5 mg ndi wa 10 mg, ndipo kawirikawiri mtengo wa m'bulu wa 10 mg sufika powirikiza kawiri wa unzakewo, kotero kuti munthu wolemberedwa 5 mg angathe kugula wa 10 mg n'kumaudula pakati. Izi zichitike pokhapokha adokotala kapena katswiri wa m'famase atavomereza, chifukwa si mibulu yonse yodulika. Imene pa paketi yake pali zilembo monga SR, XR, CR kapena mawu akuti retard inapangidwa kuti izisungunuka pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo ikadulidwa kapena kuphwanyidwa mphamvu yonse imatha kulowa m'thupi nthawi imodzi.

Kukwera kwa mitengo m'zaka zaposachedwazi gwero lake lalikulu n'lakuti mankhwala ochuluka kwambiri amene timamwa amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Katundu akafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe amadutsa mwa opikulitsa asanakwere galimoto yobwera kuno, ndipo mwini famase aliyense amaika phindu lake poganizira lendi, magetsi ndi malipiro a antchito. Nthawi zina famase ina imakhala ikugulitsabe katundu amene inaoda mitengo isanakwere pamene inzake yaoda kumene. Choncho kulowa m'mafamase awiri kapena atatu musanatulutse ndalama, monga munachitira, ndi chizolowezi choti musachisiye.

Koma inu a ku Namwera muli ndi mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Kutsika mapiri a Chowe, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kudya kanthu pa boma n'kubwereranso, zonsezo ndi ndalama za mankhwala omwewo, osawerengera tsiku limene ntchito ya kumunda kapena geni yaima. Pogula a masabata awiri munadzipatsa ulendo wachiwiri m'mwezi womwewo, pamene ndalama zimene munali nazo tsiku lija zikanagula otchipa aja a mwezi wathunthu, n'kutsalakonso ya minibasi. Komabe sindikukulimbikitsani kuunjika mankhwala a miyezi yambiri, chifukwa adokotala angasinthe mlingo akawayezanso mayi, ndiponso mankhwala ambiri amafuna kusungidwa pamalo posatentha kupitirira madigiri 30, zimene n'zovuta m'nyumba ya malata mu Okutobala. A mwezi umodzi kapena iwiri ndi okwanira, ndipo muwasunge pamthunzi, kutali ndi moto ndi chinyezi.

Malo amene mtengo wa mankhwala umachepetsedwa bwino koposa ndi m'chipinda cha adokotala, cholembera chisanafike pa pepala. Ambirife timachita manyazi kutchula za ndalama pamaso pa dokotala, timangoti chabwino, n'kukadandaulira kunja kwa mpanda, chonsecho dokotala sangadziwe za m'thumba mwanu inu musananene. Mankhwala a BP alipo a mitundu ingapo, monga hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCT, amlodipine, enalapril ndi atenolol, ndipo mtundu wina ukatha n'kutheka kuti wina ulipo mosungiramo mankhwala a chipatalacho. Funsani mwaulemu ngati pali ena amene mayi angamwe m'malo mwa amene athawo. Yankho likhoza kukhala lakuti ayi, pakuti kwa munthu wa shuga dokotala amasankha mankhwala a BP poganiziranso impso, ndipo kusinthako ndi ntchito yake, osati yanu kapena ya wogulitsa, koma funsolo n'loyenera ndipo dokotala wabwino sakwiya nalo. Funsaninso kuti akuyembekezera mankhwala liti, kuti mugule ongokwanira kufikira tsikulo, ndiponso kuti pa onse alembedwawo ndi ati amene sayenera kudumphitsidwa ngakhale tsiku limodzi ndalama zikaperewera. Pemphani alembe dzina lenileni la mankhwala, osati la malonda, kuti wogulitsa asakhale ndi chifukwa chokupatsirani odula okhaokha. Ngati mayi sanalembetsedwe ku kiliniki ya BP ndi shuga, funsani tsiku limene imachitika pa chipatala chachikulu cha pa boma kapena pa chipatala cha kwanuko, chifukwa chiwerengero cha olembetsedwa chimathandiza chipatala poitanitsa mankhwala, ndipo mayi azikayezedwa mwadongosolo.

Ndinene poyera kuti si chilungamo kuti mayi wokalamba wa kumudzi azigula metformin ndi amlodipine, mankhwala amene ali pa mndandanda wa ofunika kupezeka m'zipatala za boma. Zipatalazi zimaitanitsa mankhwala ku Central Medical Stores Trust, bungwe limene limagula ndi kusunga mankhwala a zipatala za boma, ndipo ndalama zogulira zikachepa, madola akasowa, katundu akachedwa panjira kapena akabedwa, wovutika amakhala wodwala. Kusowako kukapitirira miyezi, kadandauleni ku komiti yoyang'anira chipatala cha kwanu kapena kwa Ombudsman wa pa chipatala cha boma, amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala. Ndipo wogwira ntchito pa chipatala cha boma akadzakuuzani kuti pawindo atha koma iye ali nawo ake ogulitsa pambali, musagule, chifukwa nthawi zambiri amenewo ndi omwe aja amene munayenera kulandira osalipira.

Munthu amene wadukiza mankhwala a BP kawirikawiri samva kupweteka kulikonse, choncho banja limaganiza kuti lapulumutsa ndalama, koma magazi amakhala akuthamanga monga kale n'kumaononga mitsempha, mtima ndi impso, mpaka tsiku lina dzanja ndi mwendo zafa. Kusamala munthu wakufa ziwalo kumadya ndalama ndi mphamvu za banja lonse kwa zaka. Popeza mankhwalawa ndi a moyo wonse, werengani mtengo wake wa pa mwezi, muonjezepo ya ulendo, ndipo chiwerengerocho mukauze abale anu onse, ngakhale amene ali ku Joni. M'bale amene wangouzidwa kuti mayi akudwala amatumiza akakumbuka, koma amene wauzidwa ndalama yeniyeni ndi tsiku limene mankhwala amathera savutika kuika pa Airtel Money kapena pa Mpamba tsikulo lisanafike.

FUNSO

Alangizi, ndimagwira ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo mwezi uliwonse amandidula ndalama ya sikimu ya zachipatala. Mwana wanga wa mphumu atalemberedwa mankhwala opopera m'kamwa pa chipatala cholipira, anandiuza kuti ndionjezere ndalama ya shortfall. Ndilipirenso bwanji pamene ndimadulidwa kale?

Bambo wa ku Monkey Bay

YANKHO

Bambo, sikimu siilonjeza kulipira chilichonse chimene chipatala chalemba pa bilu. Kaya muli ku MASM kapena ku sikimu ina iliyonse, bungwelo limakhala ndi mitengo yakeyake imene linavomera kulipira pa mtundu uliwonse wa mankhwala, ndipo chipatala kapena famase ikagulitsa mopitirira mtengo umenewo, chotsalacho chimagwera inu. Imeneyo ndiyo shortfall. Pa nthawi imene zinthu zikukwera mofulumira, mitengo ya sikimu imatsalira m'mbuyo, ndiye ndalama yoonjezerayo imakula ngakhale mankhwala ali omwe aja. N'kuthekanso kuti gawo la sikimu limene abwana anu anakulembetsani limalipira mbali chabe ya mtengo wa mankhwala, kapena ndalama zimene sikimu inakupatulirani pa chaka zatha, kapena munapatsidwa mankhwala a dzina la malonda pamene sikimu imawerengera mtengo wa otsikirapo. Chopopera cha Ventolin, mwachitsanzo, m'kati mwake ndi salbutamol, ndipo salbutamol wa makampani ena alipo.

Pemphani kwa oyang'anira antchito pa hotelapo chikalata chofotokoza zimene gawo lanu limalipira, ndipo muchiwerenge mwana asanadwalenso. Popeza mphumu ndi matenda okhalitsa, funsani ngati sikimu yanu imafuna kuti mwanayo alembetsedwe mwapadera monga womwa mankhwala nthawi zonse, chifukwa masikimu ambiri amalipira mankhwala otere kuchokera ku thumba lina, ndipo wosalembetsa amangomaliza ndalama za matenda a tsiku ndi tsiku. Pa kauntala, musanasaine fomu, funsani kuti shortfall ikhala zingati ndi kuti ikuchokera pa mankhwala ati, ndipo malisiti onse muzisunga. Ndionjezerepo kuti ngati chopopera cha salbutamol chikutha msanga, ndi chizindikiro chakuti mphumuyo siikugonja, ndipo adokotala angafune kuonjezera chopopera choteteza monga beclomethasone, chimene chimaoneka chodula pogula koma chimachepetsa maulendo a usiku a kuchipatala.

FUNSO

Alangizi, chaka chatha akazi anga anakachilira pa chipatala china cha mishoni osalipira kalikonse. Ine nditadwala chibayo n'kupita komweko anandilipiritsa, ndipo mbali yaikulu ya biluyo anati ndi ya mankhwala. Kodi anandibera, poti timamva kuti chithandizo cha kuchipatala m'Malawi n'chaulere?

Msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe

YANKHO

Bambo, kukulipiritsaniko si kuba, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chake kunakudabwitsani. Zaulere ndi zipatala za boma, monga chachikulu cha pa boma, cha ku Monkey Bay ndi zing'onozing'ono za m'madera. Zipatala za mipingo, monga St Martin's ku Malindi, Koche, Mulibwanji ndi Nkope, zili pansi pa bungwe la CHAM. Boma limapereka malipiro a ambiri mwa antchito a zipatalazi, koma mankhwala ochuluka zimagula zokha, ndipo ndalamazo zimazibweza polipiritsa odwala. Akazi anu sanalipire chifukwa boma limapangana ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, boma n'kumabweza zimene chipatala chaononga. Mgwirizano umenewu umasiyana pa chipatala ndi chipatala, ndipo kawirikawiri sufika pa bambo wodwala chibayo. Ma ARV, mankhwala a TB ndi katemera wa ana amabwera kudzera m'mapologalamu a boma, ndipo sagulitsidwa ngakhale ku mishoni.

Ulendo wina pemphani bilu yolembedwa mzere ndi mzere, kuti muone ya kuonana ndi dokotala, ya kuyeza magazi, ndi ya mtundu uliwonse wa mankhwala payokha, ndipo funsani mitengo mankhwala asanaikidwe m'kathumba. Mungathe kupempha kuti angokulemberani m'buku kuti mukaone ngati alipo ku chipatala cha boma kapena ku famase yotsikirapo, ngakhale kuti nthawi zina ndalama ya kabaza imameza chimene mukadapulumutsa. Pa mankhwala a chibayo, chenjerani ndi kugula theka. Akalemba amoxicillin 500 mg tds 5/7, ndiye kuti makapisozi 15 a 500 mg, kapena 30 ngati ali a 250 mg, ndipo onsewo ayenera kumwedwa. Wosiyira panjira chifukwa chakuti chifuwa chapepuka amatha kudwalanso, ndipo ulendo wachiwiriwo pangafunike mankhwala ena odula, jakisoni kapena kugonekedwa kumene. Ndikudziwa kuti nyanja ikatsekedwa kapena mwera ukavuta ndalama imasowa m'nyumba za asodzi. Ikaperewera, nenani kwa oyang'anira chipatala ndi kufunsa ngati angalole kuti mutenge mankhwala onse n'kumaliza kulipira pambuyo pake.

FUNSO

Alangizi, mwana wanga wa zaka 9 amadwala khunyu ndipo amamwa phenobarbitone. Mankhwala atatsala pang'ono kutha ndinalibe ndalama ya ulendo wa pa boma, choncho ndinayamba kumupatsa theka la m'bulu kuti akhalitse. Pamsika wa kwathu pali bambo wina wogulitsa mibulu yofanana nayo motchipa, yomanga m'kapulasitiki. Kodi ndigule imeneyo?

Mayi wa ku Makanjira

YANKHO

Mayi, musagule. M'bulu woyera wopanda paketi palibe amene angakuuzeni chimene chili m'kati mwake, mphamvu yake, kapena miyezi imene wakhala pa dzuwa la pamsika, ndipo phenobarbitone si mankhwala ololedwa kugulitsidwa popanda kulemberedwa ndi dokotala. Kuchepetsa mlingo nakonso n'koopsa, chifukwa mankhwala a khunyu amagwira ntchito akakhala okwanira m'magazi tsiku lililonse, ndipo akachepa kapena akasiyidwa mwadzidzidzi mwana angagwe mobwerezabwereza kapena kukomoka nthawi yaitali. Kwanuko kuli nyanja ndi moto wa pamafuwa, ndipo mwana wogwera pafupi ndi ziwirizi amatha kumira kapena kupsa, choncho masiku ano asapite yekha kukasamba kapena kukhala pamoto popanda wamkulu. Akagwa n'kupitirira mphindi 5 akuphuphabe, thamangirani naye ku chipatala chapafupi.

Mankhwala a khunyu amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo chimene chikukudyerani ndalama ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kukafika pa boma. Musanaganize za ulendo umenewo yambani mwafunsa pa chipatala cha kwanu komweko, chifukwa anamwino oona za khunyu ndi matenda a maganizo amakhala ndi masiku oyendera zipatala zing'onozing'ono, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu angakuuzeni tsiku lake. Pemphani kuti, poona kutalika kwa kwanu, azikupatsani a miyezi iwiri kapena itatu ngati alipo okwanira, makamaka mvula isanayambe, popeza msewu wa Makanjira umaduka mitsinje ikadzaza. Muzibwerera kukatenga ena kutatsala sabata imodzi kuti athe, kuti mukapeza kulibe mukhale ndi masiku ofunira kwina.

Mukakaonana ndi adokotala, muwauze zoona kuti mwanayo wakhala akumwa theka. Mukabisa, iwo adzaganiza kuti phenobarbitone wakanika, ndipo akhoza kuonjezera mlingo kapena kumusinthira ku carbamazepine kapena sodium valproate, amene ndi odula kwambiri pa tsiku limene mudzafunike kugula nokha. Muwafunsenso mmene mwanayo angabwererere pa mlingo wake wakale, ndipo zimenezo azilembe m'buku.